Chilangizo ndi Moyo wa Namwali wa Chikhristu m'Maesiteti a Tiyi a ku Thyolo

Chilangizo ndi mwambo umene amayi achikulire a mumpingo amaphunzitsira atsikana za kukula, ukhondo, ulemu, banja ndi chikhulupiriro. Ku Thyolo mwambowu uli ndi mbiri yakeyake, chifukwa unakulira pakati pa eni atatu amene akhala akuumba moyo wa mtsikana kwa zaka zoposa 100: mudzi wa amayi ake, esiteti ya tiyi, ndi mpingo. Mudzi unkayembekeza mayi wodzakulitsa mbumba. Esiteti inkafuna manja ogwira ntchito nthawi ya dzinja. Mpingo unkafuna mkazi wodziwa kuwerenga Mawu a Mulungu ndi kusunga banja lodalitsidwa. Zofuna zitatuzi sizinkagwirizana nthawi zonse, ndipo amene ankasenza kulemera kwa kusamvanako anali mtsikanayo. Komabe m'kupita kwa zaka, amayi a mumpingo anasandutsa chilangizo ndi mabungwe awo kukhala bwalo limene mkazi ankaphunzirapo, kuyankhulapo ndi kutsogolerapo anzake.

Mudzi ndi chinamwali

Eni nthaka akale a mapiri a Thyolo ndi Amang'anja. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1890 ndi m'zaka zotsatira, Alomwe ambiri anawoloka kuchokera ku Mozambique, kuthawa msonkho wa Apwitikizi, ntchito yokakamiza ndi njala, nadzakhazikika ku Mulanje, Thyolo ndi Chiradzulu. Mitundu iwiriyi imawerengera mtundu kuchikazi. Mwana ndi wa kwa amayi ake, mwini mbumba ndi malume, ndipo mwamuna akakwatira amakamanga nyumba kwa mkazi, kuchikamwini. Motero mtsikana sanali mlendo wodikira kuchoka. Iye ndiye anali mudziwo: munda unkadzera mwa iye, ndipo manda a makolo ankasungidwa ndi ana ake.

Chifukwa cha udindo umenewu, kulera mtsikana sikunali kwa makolo okha. Kunali kwa anankungwi, amene ankamutengera kutsimba kapena kuthezo. Malangizo ankabwera m'magawo: asanathe msinkhu, atangotha msinkhu, pokwatiwa, ndi pa mimba yoyamba. Ankaphunzitsidwa kudzisamalira akakhala kumwezi, kugwadira akulu, kusalowa kuchipinda kwa makolo, kusunga chinsinsi cha m'nyumba, ndi miyambo ya mdulo yokhudza mchere ndi kugonana. Chiphunzitsocho chinkaperekedwa ndi nyimbo, ng'oma ndi magule, chifukwa zimene thupi lavina mutu suiwala msanga. Wosavinidwa, ngakhale akule chotani, ankawerengedwa ngati mwana, ndipo sankaloledwa pa nkhani za amayi monga kubadwitsa ndi kusambitsa maliro.

Malo, thangata ndi tiyi

Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anapereka zikalata zotsimikizira azungu umwini wa malo akuluakulu m'mapiri a Shire. Gawo lalikulu la nthaka yabwino ya Thyolo, imene azungu ankailemba kuti Cholo, linagwera m'manja mwa makampani monga British Central Africa Company. Poyamba ankalima khofi, koma atalephera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anayesa thonje ndi fodya. Tiyi, amene anayamba kulimidwa ku Mulanje mu 1891, anafika ku Thyolo mu 1908 pa esiteti ya Bandanga. Anakula kwambiri m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930, nthawi imene Maclean Kay anatsegula Satemwa mu 1923 ndipo Ignaco Conforzi, wochokera ku Italy, anakulitsa minda yake. Pangano la mayiko olima tiyi la 1933 linakweza mtengo wa tiyi, ndipo mapiri amene anali nkhalango anasanduka minda yobiriwira chaka chonse.

Midzi imene azungu anaipeza inkayenera kusasokonezedwa, koma Alomwe obwera pambuyo analibe chitetezo chimenecho. Ankaloledwa kumanga ndi kulima pa esiteti pokhapokha akagwira thangata, ndiye kuti ntchito yolipirira malo, kuwonjezera pa mwezi wogwirira msonkho. Lamulo la 1928 lokhudza anthu okhala m'maesiteti linagunda mwambo wa chikamwini pamtima penipeni: mwini esiteti anali ndi mphamvu yothamangitsa ana aamuna akakwanitsa zaka 16, ndiponso yokaniza mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamalopo kudzakhala kwa mkazi wake. Ukwati wa mtsikana, umene kale unkakambidwa ndi ankhoswe ndi amalume okha, tsopano unkadikiranso chilolezo cha mzungu. Mkwiyo wa malo ndi thangata unaphulika mu Ogasiti 1953, pamene nkhani ya kuba malalanje pa esiteti ina pafupi ndi Luchenza inayatsa zipolowe zimene zinafalikira m'madera ena a kumwera, ndipo anthu 11 anafa. Boma linafulumizitsa ntchito yogula malo kwa eni maesiteti, ndipo thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962.

Kusiyana ndi ku India ndi Sri Lanka, kumene othyola tiyi ambiri ndi amayi, ku Malawi ambiri a ogwira ntchito m'minda ya tiyi akhala amuna. Amayi ndi atsikana ankalembedwa makamaka ntchito ya nyengo, kupalira, kusamalira mbande ku nazale ndi kuthyola masamba akachuluka. Vuto linali lakuti tiyi amaphukira kwambiri kuyambira Disembala mpaka Epulo, nthawi yomweyo imene chimanga chimafuna kupalira ndi kubandira, ndiponso nkhokwe zili mbee. Mwamuna akakhala ku esiteti, kapena atapita ku Salisbury ndi ku Joni kukafuna ndalama, khasu, mtondo, mtsuko ndi mwana wakhanda zonse zinkatsalira mkazi ndi ana ake aakazi. Sukulu ya mtsikana ndiyo inkayamba kufa.

Mishoni ndi sukulu

Chikhristu chinalowa m'boma la Thyolo ndi makomo angapo. Mishoni ya Church of Scotland, imene inakhazikika ku Blantyre mu 1876, inatsegula masukulu a m'midzi amene pambuyo pake anakhala mipingo ya CCAP ya Sinodi ya Blantyre. Nyasa Industrial Mission inamanga ku Ntambanyama. Akatolika a chipani cha Montfort, atakhazikika ku Nguludi mu 1903, anafalikira chakumwera. Koma mishoni yodziwika kwambiri ya Thyolo ndi Malamulo, ku Makwasa. Malowa anawatsegula Joseph Booth pansi pa mpingo wa Seventh Day Baptist nawatcha Plainfield, ndipo mu 1902 anagulidwa ndi a Seventh-day Adventist. Mtsogoleri woyamba wa Adventist kumeneko anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, amene anabwera ndi banja lake. Mwana wake wamkazi, Mabel Branch, ndiye ankaphunzitsa m'sukulu ya pamishoniyo. Dzina lakuti Malamulo linabwera mu 1907. Cha nthawi yomweyo, ku Mbombwe m'boma loyandikana la Chiradzulu, Emma DeLaney ndi Ida Chilembwe ankaphunzitsa amayi kusoka pa mishoni ya Providence. Choncho ena mwa aphunzitsi oyamba amene atsikana a chigawochi anawaona anali akazi akuda ngati iwo omwe.

Maphunziro a atsikana m'mishoni zonse ankayang'ana panyumba. Kupatula kuwerenga, kulemba ndi katekisimu, ankaphunzira kusoka, kuchapa ndi kusita, kuphika, kusesa pabwalo ndi kulera ana mwaukhondo. Cholinga chinali kukonza akazi a aphunzitsi, alaliki ndi makalaliki. Sukulu ya Jeanes ku Domasi, yotsegulidwa mu 1929, inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo kuti nyumba yawo ikakhale chitsanzo kumudzi. Malire a maphunziro otere anali oonekeratu, komabe anatsegula khomo limene silinatsekekenso. Buku Lopatulika litatuluka mu 1922, mtsikana wodziwa kuwerenga ankatha kudzipezera yekha zimene kale ankangouzidwa. Chipatala cha Malamulo, chimene chinatchuka ndi kusamalira odwala khate, chinayamba kuphunzitsa azamba ndi anamwino, ntchito imene inapatsa atsikana ena malipiro awoawo kunja kwa munda wa tiyi. Panali ndi chotayika: popeza sukulu, tchalitchi ndi kapitawo onse ankayankhula Chinyanja, Chilomwe chinayamba kuzilala m'kamwa mwa ana, ngakhale Lewis Bandawe anali atathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'chinenerocho.

Kubadwa kwa chilangizo

Amishoni ambiri anaweruza chinamwali kuti ndi chachikunja. Ankadana ndi nyimbo zotukwana, mowa, kumenya anamwali osamvera, ndi miyambo yokakamiza mtsikana kugona ndi mwamuna atangotuluka kutsimba. Mkhristu wotumiza mwana kuchinamwali ankaimitsidwa Mgonero. Koma lamulo lokha silinathetse nkhaniyo. Mayi wa Chikhristu ankadziwa kuti mwana wake akapanda kulangidwa adzasekedwa kuchitsime, adzasowa womukwatira, ndipo sadzadziwa zoyenera kuchita tsiku loyamba kuona magazi, popeza mwambo sulola mayi kuuza mwana wake wobereka yekha zinthu zimenezi. Ambiri ankangomutumiza mwakabisira kwa agogo ake kutsidya, nabwera kudzalapa pambuyo pake.

Mipingo itaona kuti kuletsa kopanda cholowa m'malo kukungobala chinyengo, inayamba kukonza chinamwali chakechake. Mishoni ya Dutch Reformed ku Nkhoma inatsogola cha m'ma 1930, ndipo mipingo ina ya kumwera, Akatolika ndi Abaptist omwe, inapanga njira zake m'zaka zotsatira. Zoterezi sizinachitike ku Malawi kokha, chifukwa ku Masasi m'dziko la Tanganyika, Vincent Lucas wa mpingo wa Anglican anali atayesa kale kuika jando pansi pa mpingo. M'malo mwa nankungwi munalowa mlangizi, mayi wokwatiwa, wa mbiri yabwino, wosankhidwa ndi mpingo. Maziko ake ankatengedwa m'kalata ya Paulo kwa Tito, mutu 2, pamene amayi okalamba apatsidwa ntchito yophunzitsa akazi achitsikana.

Kachitidwe kake n'kofanana m'mipingo yambiri. Mtsikana akatha msinkhu amauza azakhali kapena agogo, iwo nadziwitsa alangizi. Alangizi awiri kapena atatu amabwera kunyumba, kapena amasonkhanitsa atsikana angapo kutchalitchi nthawi ya holide. Namwali amakhala pamphasa, miyendo yotambasula, mutu wowerama, ndipo mwambo umayamba ndi pemphero ndi kuwerenga Mawu. Kenaka amamuphunzitsa za ukhondo wa kumwezi, kavalidwe, kuopsa kwa anyamata, ndi ulemu kwa makolo. Mayi ake amapatsidwa mpata wonena zimene mwanayo amalakwitsa pakhomo, kaya ndi mwano, ulesi kapena kuyenda usiku, ndipo alangizi amamudzudzula pamaso pa onse. Pomaliza amamufupa ndi ndalama, sopo kapena chitenje. Magawo akale anasungidwa: pali chilangizo cha otha msinkhu, cha okwatirana, ndi cha mimba yoyamba. Chimene chinavuta n'chakuti chilangizo cha m'buku, chopanda ng'oma ndi gule, ambiri ankachiona chozizira ndi chobisa mawu pa nkhani za kuchipinda. N'chifukwa chake mabanja ena mpaka lero amachita zonse ziwiri, ndipo alangizi ena anabwezeretsa nyimbo ndi zisudzo m'chiphunzitso chawo. Rachel NyaGondwe Fiedler anafufuza nkhani imeneyi pakati pa amayi a Baptist a kumwera kwa Malawi.

Mabungwe a amayi

Chilangizo chinapeza msana m'mabungwe a amayi. Magwero ake ena ndi akunja: Mothers' Union ya Anglican inayamba ku England mu 1876, Woman's Guild ya Church of Scotland mu 1887, ndipo ku South Africa amayi a Methodist anali ndi manyano awo, amene amuna opita kumigodi ankawaona. Ku Malawi mabungwewa anavala mayina a kuno: Mvano ku Sinodi ya Blantyre, Chigwirizano ku Nkhoma, Umanyano ku Livingstonia. A Adventist ali ndi Dorika, dzina lochokera kwa mayi wa ku Yopa wotchulidwa m'buku la Machitidwe, amene ankasokera amasiye zovala. Akatolika ali ndi Legio ya Maria, Bungwe la Amayi Achikatolika, ndi miphakati imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1970.

Mayi wa Mvano amadziwika ndi bulauzi yoyera, siketi yakuda ndi duku loyera. Yunifolomuyi inali ndi tanthauzo lapadera m'dera la maesiteti, kumene munthu ankayezedwa ndi udindo wake pantchito. Mkazi wa kalaliki wa kufakitale ndi mayi wothyola masamba akavala zofanana amakhala pabenchi imodzi, ndipo wothyolayo atha kukhala mtsogoleri wa mnzakeyo. Pamsonkhano wa pakati pa sabata amayi amalalikirana okhaokha, amasunga kaundula ndi thumba la ndalama, nagawana ntchito: kuyendera odwala, kutungira madzi okalamba, kuzira tchalitchi, kugona pamaliro ndi kuimba usiku wonse. Pa nthawi imene guwa ndi bwalo la akulu ampingo zinali za amuna okha, kuno n'kumene mkazi anaphunzira kuima pamaso pa gulu. Sinodi ya Blantyre inalimbitsa ntchitoyi potsegula malo ophunzitsira amayi a Chigodi, ndipo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 inayamba kudzoza abusa aakazi.

Tsiku ndi sabata ya mtsikana

Tsiku la mtsikana wogwira ntchito pa esiteti limayamba kusanache. Amasesa, kutunga madzi ndi kutereka phala, kenaka amatsika kumunda mame akali mbuu. M'chiuno amamanga pulasitiki kapena chiguduli kuti tchire la tiyi lisamunyowetse, kumsana amabereka dengu. Amathyola masamba awiri ndi nsonga, manja onse awiri akuyenda pamodzi, ndi kuponya kumbuyo osacheuka. Ndodo yaitali yogonekedwa pamwamba pa tiyi imamuonetsa pofika, kuti munda ukhale wosalala. Dengu likadzaza amakaima pamzere wa sikelo, kapitawo nayang'ana ngati mulibe masamba okhwima, kalaliki nalemba makilogalamu. M'zaka zaposachedwapa mlingo wa tsiku wakhala makilogalamu opitirira 40, ndipo opyola pamenepo amalandira yapamwamba. Akaweruka, nkhuni, ndiwo ndi munda wa chimanga zimakhala zikumudikira.

Mpingo umalowa m'mipata imene yatsala: kwaya madzulo, kalasi ya ubatizo, chitsitsimutso, ndi tsiku la kupembedza. Kwa wa Adventist kusunga Sabata kunali mayeso enieni, popeza Loweruka linali tsiku la ntchito m'maesiteti, ndipo kujomba kunkadula malipiro. Mayeso ena anali a mowa. Kuphika masese kapena kutcheza kachasu tsiku la malipiro inali njira yachidule yopezera ndalama kwa mkazi wopanda mwamuna, koma mipingo yambiri ya Chipulotesitanti inkaletsa. Amene anamvera mpingo anatembenukira ku thobwa, zitumbuwa, mandasi, nthochi ndi mapeyala, zogulitsa pachipata cha fakitale kapena m'misika ya Bvumbwe, Luchenza ndi Thyolo boma.

Kuyambira pa ufulu mpaka 1994

Dziko litalandira ufulu mu 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linatcha amayi onse mbumba yake, ndipo atsikana a Thyolo, monga anzawo kwina konse, ankatengedwa pamalole kukavina pamisonkhano ya chipani, nthawi zina ngakhale tsiku la mapemphero. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa akazi kuvala mathalauza ndi masiketi osafika m'maondo. Zimene alangizi ankaphunzitsa ngati ulemu zinasanduka nkhani ya apolisi kufikira lamulolo litachotsedwa mu 1993, ndipo mkangano wa thalauza m'tchalitchi sunatheretu mpaka lero. M'nyengo yomweyi uphungu unayamba kufika ndi njira zatsopano: timabuku ta banja ta CLAIM ndi ta nyumba yosindikiza mabuku ya Malamulo, magazini ya Moni ya ku Limbe, ndi pulogalamu ya Zokonda Amayi pa wailesi ya MBC. M'masukulu a sekondale, mabungwe a ophunzira a Chikhristu, SCOM yokhazikitsidwa mu 1961 ndi YCS ya Akatolika, anapatsa atsikana mwayi wotsogolera mapemphero pakati pa anyamata.

Edzi, sukulu ndi malamulo atsopano

Mliri wa Edzi unakantha Thyolo koopsa. Kuchuluka kwa anthu pa malo ochepa, amuna a ntchito ya nyengo okhala kutali ndi mabanja awo, ndi umphawi wa amayi zinapatsa kachilombo njira. Amayi a Mvano, Dorika ndi miphakati ndiwo anasenza ntchito yosambitsa odwala ndi kulera amasiye. Bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito m'bomali mu 1997, ndipo mankhwala otalikitsa moyo anayamba kuperekedwa mu 2003. Mliriwu unasintha chilangizo. Alangizi amene kale ankazungulira mawu anakakamizika kutchula zinthu ndi mayina ake, mipingo yambiri inayamba kulimbikitsa kuyezetsa magazi ukwati usanadalitsidwe, ndipo mafumu ndi abusa anagwirizana kulimbana ndi kusasa fumbi ndi kulowa kufa.

Malamulo nawo anasuntha. Mu 1993 boma linalola mtsikana wobereka kubwerera kusukulu, mu 1994 sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ndipo lamulo la maukwati la 2015 pamodzi ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatiwa. M'maesiteti, nkhani imene amayi ankangonong'onezana, ya akapitawo ofuna thupi la mkazi kuti amulembe ntchito kapena kumuonjezera kontirakiti, inatulukira poyera. Mu 2016 bungwe la ogwira ntchito m'minda la PAWU linasainirana pangano loyamba la malipiro ndi bungwe la eni tiyi, kenaka makampani anakhazikitsa ndondomeko yolimbana ndi nkhanza kwa amayi. Mu 2021 kampani ina ya ku Britain inagwirizana kunja kwa khoti ndi amayi 36 a ku Malawi amene anaisumira ku London pa nkhani zotere, ngakhale sinavomere kulakwa. Izi zinafunsanso mpingo funso lolemera: chiphunzitso cha kugonjera ndi kusunga chinsinsi, chikaperekedwa popanda malire, chimatseka pakamwa mtsikana amene akufunika kukuwa.

Masiku ano

Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Thyolo, ndipo malo olima akucheperachepera m'mphepete mwa maesiteti. Mtsikana wa lero ali ndi njira zambiri kuposa agogo ake. Ena amaphunzira unamwino ku Malamulo, ena afika pa yunivesite ya MUST imene inatsegulidwa ku Ndata mu 2014, ena ali pantchito za m'nyumba ku Blantyre ndi Johannesburg, ndipo ambiri akadali pamzere wa sikelo. Mipingo ya Chipentekoste ndi mafelosipi, imene inachuluka pambuyo pa 1994, imapatsa achitsikana maikolofoni msanga kuposa mipingo yakale. Chilangizo cha ukwati chapeza mnzake m'maphwando a bridal shower, kumene ophunzitsa amakamba za bajeti, bizinesi ndi umoyo kuwonjezera pa za kuchipinda. Banki m'khonde yalowa m'magulu ambiri a amayi a mumpingo, ndipo vesi ya m'mawa, uthenga wa maliro ndi nyimbo ya kwaya zimayenda pa WhatsApp.

Mlangizi sanathe ntchito, koma salinso yekha pouza mtsikana za moyo. Amapikisana ndi mphunzitsi, namwino, wailesi ndi foni, ndipo namwali amene kale ankangowerama tsopano amafunsa mafunso. Mipingo imene yazindikira zimenezi ikuphunzitsanso alangizi ake kuti pa ulemu ndi kudzisunga awonjezerepo za kumaliza sukulu, za malamulo oteteza ana, ndi za kumene mtsikana angakadandaule akachitiridwa nkhanza kunyumba, kusukulu kapena kuntchito.